Ululu potulutsa umuna: mafunso amene abambo a m'chigwa cha Shire amafunsa monong'ona

Mwamuna akhoza kukufotokozerani za msana, za mutu, za malungo amene anamugwetsa sabata yatha, koma zoti akumva kupweteka potulutsa umuna amazisunga mumtima mpaka zitafika povuta. Ena amangoyamba kuzemba kuchipinda, kunamizira kutopa kapena kutentha, ndipo mayi a kunyumba amayamba kuganiza zina. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera pa nkhaniyi. Mayankho ake salowa m'malo mwa kukapimidwa, koma akuthandizani kusiyanitsa zachibadwa ndi zofunika chipatala, komanso kuona chifukwa chake kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje funso la madzi liyenera kubwera msanga kuposa funso la chibwenzi.

Ndikangomaliza, kunsonga kumanyerenyesa kwambiri moti sindifuna kukhudzidwa ngakhale pang'ono. Kodi ndi matenda?

Ayi. Kumutu kwa chida cha abambo kuli timitsempha tambirimbiri tomvera kukhudza, ndipo munthu akafika pampondachimera timitsempha timeneti timakhala titadzuka kotheratu. Kukhudza komwe kumakoma posachedwapa kumasanduka kugirigisha kopweteka, ena mpaka amadzidzimuka n'kumukankha mnzawo. Zimatha zokha, kwa ena m'masekondi ochepa, kwa ena pakadutsa mphindi zingapo. Thupi limalowanso m'nyengo yopuma imene chida sichidzuka ngakhale mtima utafuna. Kwa mnyamata nyengoyi ndi yaifupi, kwa bambo wachikulire ikhoza kutenga tsiku lathunthu kapena kupitirira, ndipo palibe chalakwika. Muuzeni mnzanuyo kuti mukamaliza azidikira kaye. Akazi ambiri amaona ngati mwawanyansidwa, pomwe ndi thupi chabe.

Nanga ululu wofunika kuuganizira ndi wotani?

Ndi ululu wobaya, wowotcha kapena wokoka, umene umabwera umuna ukamatuluka kapena ukangotuluka, ndipo umabwerezabwereza. Ena amaumva m'njira ya mkodzo, ena m'machende, ena pachinena, ena pakati pa machende ndi kotulukira chimbudzi. Ukhoza kutha m'mphindi zochepa kapena kukhalapo mpaka mawa lake.

Kuti mumvetse kumene ukuchokera, dziwani njira imene umuna umadutsa. Mbewu ya abambo imapangidwa m'machende n'kukwera kudzera m'timachubu tiwiri. Koma mbewuyo ndi kagawo kakang'ono chabe ka zomwe zimatuluka. Madzi ambiri, pafupifupi magawo awiri mwa atatu, amachokera m'timatumba tiwiri tili kuseri kwa chikhodzodzo, ndipo ena amachokera mu prostate, kachiwalo kokula ngati ndimu yaing'ono kamene kali pansi pa chikhodzodzo ndipo njira ya mkodzo imadutsa pakati pake. Pa nthawi yomaliza, ziwalo zonsezi pamodzi ndi minofu ya pansi pa chiuno zimafinyika mwamphamvu maulendo angapo motsatizana kuti zikankhe umuna, womwe nthawi zambiri sudzadza ndi supuni ya tiyi yomwe. Ngati penapake m'njirayi patupa, pali chilonda kapena paphinjika, kufinyika kumeneko n'kumene kumadzutsa ululu. Ndiye ululuwo si matenda pawokha. Ndi chizindikiro chakuti penapake pakufunika kuonedwa.

Akuti likodzo likhoza kuyambitsa zimenezi. Si matenda a ana asukulu amenewo?

Apa m'pamene abambo ambiri a kuno amasocherera. Tinazolowera kuona likodzo mwa anyamata okodza magazi, moti m'midzi ina kale ankati ndi chizindikiro chakuti mwana akukula. Tinazoloweranso kuona mankhwala ake akugawidwa m'sukulu za pulaimale. Bambo wa zaka 35 akamva za likodzo amati zimenezo anazisiya ku Sitandade 5.

Koma taganizani za bambo amene amakhala tsiku lonse madzi ali m'mawondo akuwokera mpunga ku sikimu ya Nkhate kapena ya Muona. Msodzi wa ku Elephant Marsh amene amatsika m'bwato kukakoka ukonde wa makakana ndi milamba pakati pa udzu. Munthu wothirira kudimba, wosamba m'ngalande akaweruka kumunda wa nzimbe, wolowa m'dambo la Ndinde kukazula nyika chaka cha njala. Onjezani madzi amene amatsalira m'zithaphwi kukasefukira, monga zinachitikira ndi namondwe wa Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Madzi odekha kapena oyenda pang'onopang'ono, a udzu, ndiwo mudzi wa nkhono zimene zimasunga tizilombo ta likodzo. Tizilomboti tikatuluka mu nkhono timasambira m'madzi ndipo timaboola khungu la munthu m'mphindi zochepa, popanda bala, popanda kumwa madziwo.

M'thupi timakula n'kukhala nyongolotsi zazing'ono zokhala m'mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu zimayamba kuikira mazira, ndipo zikhoza kukhala moyo zaka zingapo zikuikirabe. Mazira a mtundu umenewu, Schistosoma haematobium, ali ndi kaminga kumapeto. Ena amatuluka ndi mkodzo, koma ambiri amakodwa m'minofu. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mitsempha yomweyo imafikanso ku prostate ndi ku timatumba ta umuna tija. Mazira akakodwa kumeneko, thupi limalimbana nawo, pamatupa, pamachita timabala ndi zipsera. Zotsatira zake ndi ululu pogonana ndi potulutsa umuna, umuna wa magazi kapena wofiirira, wachikasu, wamadzimadzi kapena wa timibulu, nthawi zina kuchepa kwake kumene. Madokotala anazilemba koyamba ku Egypt mu 1911, ndipo kuno kwathu kafukufuku wa pakati pa asodzi a ku Mangochi anapeza mazira a likodzo mu umuna wa ena mwa iwo.

Chovutitsa n'chakuti munthu wamkulu akhoza kukhala ndi likodzo mkodzo wake ukuoneka bwinobwino. Magazi ooneka ndi maso aja amachepa munthu akamakula. Choncho musadzichotse pa mndandanda chifukwa choti simukodza zofiira.

Ndiye kuti ndikhoza kumupatsira mkazi wanga?

Ayi. Likodzo silipatsirana pogonana. Dzira lotuluka mwa munthu liyenera kufika m'madzi, kuswa, kulowa mu nkhono, kenako n'kutuluka lisanathe kugwira munthu wina. Ngati akunyumba nawonso ali nalo, alitenga kumtsinje kapena kudambo komwe amachapa ndi kutunga, osati kwa inu. Ndipo n'kofunika kuti nawo akapimidwe, chifukwa kwa amayi likodzo limayambitsa kupweteka pogonana, kutaya magazi mukatha kugonana ndi chikazi chachilendo, zomwe kawirikawiri zimasokonezedwa ndi matenda opatsirana pogonana.

Mabanja angapo akanganapo mpaka kwa ankhoswe pa nkhani yotere, wina kuloza mnzake chala kuti wabweretsa matenda m'nyumba, pomwe onse awiri anawatenga m'madzi amodzi. N'chifukwa chake ndimati pimitsani musanayambe kufunsana kuti unali kuti.

Amayeza bwanji, ndipo mankhwala ake ndi ati?

Kawirikawiri amayeza mkodzo pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono. Mazira amatuluka ambiri pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, makamaka m'madontho otsiriza, ndiye ngati mungathe perekani mkodzo wa nthawi imeneyo. Mkodzo ukhoza kusapezeka ndi kanthu koma mazira ali mu umuna, choncho mukawafotokozera bwino za ntchito yanu ya m'madzi, achipatala akhoza kuyeza umunawo kapena kungokupatsani mankhwala poona zizindikiro.

Mankhwala ake ndi praziquantel. Amapereka molingana ndi kulemera kwa munthu, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse. Piritsi limodzi ndi la mamiligalamu 600, ndiye bambo wolemera makilogalamu 60 amamwa anayi. Idyani kaye nsima kapena phala lokhuta, chifukwa pamimba yopanda kanthu amachititsa chizungulire, nseru ndi kupotokola. Tsiku limenelo musakwere bwato kapena kupalasa ulendo wautali.

Mankhwalawa amapha nyongolotsi zokhwima, koma sachotsa mazira amene anakodwa kale, ndipo tizilombo tongolowa kumene sagwira bwino. Ndiye ululu sutha m'mawa mwake. Umachepa pang'onopang'ono pa masabata angapo, ndipo nthawi zina achipatala amabwereza mankhwalawo. Satetezanso kuti musatengenso. Kuuza msodzi kapena mlimi wa mpunga kuti asiye kulowa m'madzi n'kumuuza kuti asiye kudya, choncho zotheka ndi izi: majombo pamene ntchito ikulola, kusamba madzi a pamjigo m'malo mwa m'ngalande, kapena kusunga madzi a kumtsinje mu ndowa tsiku limodzi kapena awiri musanasambe, popeza tizilomboti timafa tikasowa munthu. Mankhwala akamagawidwa m'mudzi, imwani nawo, si a ana okha. Ndipo kukodzera m'madzi n'kumene kumadyetsa nkhono zija.

Ndingadziwe bwanji kuti si chinzonono?

Panokha simungatsimikize, koma pali zokuunikirani. Chinzonono chimaonekera msanga, kawirikawiri pasanathe sabata mutagona ndi munthu amene ali nacho: mafinya oyera kapena achikasu kunsonga, kabudula wamkati wothimbirira m'mawa, ndi moto pokodza. Chlamydia ndi trichomonas, matenda enanso opatsirana pogonana, zimabwera mwakachetechete, mwina timadzi pang'ono, mwina kuyabwa m'njira ya mkodzo, mwinanso popanda chizindikiro china kupatula kuwotcha potulutsa umuna. Zikalekereredwa zimakwera mpaka ku prostate ndi kumachende, ndipo chinzonono chokhalitsa chimasiya chipsera chimene chimachepetsa njira ya mkodzo, munthu n'kumakodza kamkodzo kowonda kochita kukankha.

Kuchipatala amapereka jakisoni ndi mapiritsi ogwira matenda angapo nthawi imodzi, komanso kapepala kokaitanira amene mumagona naye. Kapepalako musakang'ambe panjira. Mukachira nokha mnzanu asanalandire mankhwala, mudzatengananso sabata yomweyo. Dikirani masiku 7 nonse mutalandira mankhwala musanagonane, malizani mapiritsi onse, ndipo ngati mwapatsidwa Flagyl, kachasu ndi mowa wina uliwonse ziyambe zaima. Yezetsaninso HIV ndi chindoko pa ulendo womwewo. Dziwaninso kuti munthu mmodzi akhoza kukhala ndi chinzonono ndi likodzo pamodzi, ndiye ngati mafinya atha koma ululu ulipobe, bwererani.

Ndaona magazi mu umuna. Kodi ndi khansa?

Kawirikawiri ayi. Kwa bambo wosafika zaka 40, magazi oonekera kamodzi kapena kawiri nthawi zambiri amachokera ku kamtsempha kophulika kapena kutupa kwina, ndipo kuno likodzo ndilo loyamba kuliganizira. Ofiira ndi atsopano, akuda kapena ofiirira ndi akale amene akutsukika. Koma ngati mwapitirira zaka 40, kapena magaziwo akubwerezabwereza, kapena alinso mumkodzo, kapena mukuonda ndi kutuluka thukuta usiku, musadikire. TB imathanso kugwira machende ndi prostate, ndipo likodzo la zaka zambiri losachizidwa limaonjezera chiopsezo cha khansa ya chikhodzodzo.

Akuluakulu akuti ndi kanyera chifukwa ndinagona ndi mkazi ali kumwezi.

Amene amanena zimenezi amaona zinthu zenizeni: munthu akuonda, akufooka, akumva kuzizira, akudandaula m'chiuno. Pamene tikusiyana ndi pa chifukwa chake. Magazi a kumwezi sakwera m'thupi la mwamuna n'kukaolera m'kati. Chimene chingadutse pa nthawiyo ndi tizilombo ngati mkaziyo ali nato, monga HIV kapena chinzonono. Ndipo zizindikiro zimene zimatchedwa kanyera ndi zomwezo za TB, HIV, matenda a shuga ndi likodzo lokhalitsa, onse oyezeka ndiponso okhala ndi mankhwala. Mwambo wodikira mayi akangobereka kapena akapita padera uli ndi nzeru yake, chifukwa thupi lake limafunika kupola. Koma miyezi imene bambo amatha akumwa mitsitsi ya kanyera asanayezetse ndi imene matenda enieniwo amazikika.

Ndimapalasa kabaza tsiku lonse. Kodi njinga ingachititse?

Ingathe. Chishalo cholimba, chopendekera m'mwamba, chimaphinja malo a pakati pa machende ndi kotulukira chimbudzi, momwe mumadutsa mitsempha yopita ku chida. Munthu amene wanyamula matumba a makala kapena makasitomala kuyambira m'mawa pa Nchalo, pa Ngabu kapena pa Bangula akhoza kumva dzanzi kumaliseche madzulo, ndi kukoka kowawa akamaliza kugonana. Weramitsani nsonga ya chishalo pang'ono, ikani chofewa ndi chotambalala kumbuyo, ndipo muziimirira pa mapedulo kapena kutsika pakapita kanthawi. Dzanzi likamakhalitsa mpaka tsiku lotsatira, kaonaneni ndi achipatala.

Palinso vuto lina lofala limene madokotala amalitcha kutupa kwa prostate kokhalitsa, ngakhale kuti nthawi zambiri sapezamo tizilombo. Minofu ya pansi pa chiuno imakhala yokungika osamasuka, ndipo ululu potulutsa umuna ndi chimodzi mwa zizindikiro zake zodziwika. Nkhawa imaukulitsa: munthu akayamba kuopa ululu amakungika, akakungika ululu umakula. Kukhala m'beseni la madzi ofunda, kupewa kudzimbidwa, kuchepetsa mowa ndi tsabola wambiri kumathandiza ena. Vutoli limachedwa kutha ndipo limapita n'kubwera, koma si khansa ndipo silipatsirana.

Pa kutentha kwa Okutobala ndi Novembala, pamene kuno kumapitirira madigiri 40, munthu wogwira ntchito padzuwa osamwa madzi okwanira amakodza mkodzo wochepa, wakuda ndi wowotcha, ndipo mkodzo woyamba akatha kugonana umalasa. Zikatha mutamwa madzi ambiri kwa masiku awiri, chinali chimenecho.

Ndili ndi zaka zopitirira 50, mkodzo umachedwa kutuluka ndipo pomaliza pamawawa.

Prostate imakula ndi msinkhu mwa abambo ambiri, n'kumafinya njira ya mkodzo. Kudzuka kangapo usiku, kudikira mkodzo, kudontha mukamaliza, zonsezi zimachokera pamenepo, ndipo ena amamvanso ululu potulutsa umuna. Kukula kumeneku si khansa, koma poti zizindikiro zimafanana, pamafunika kupimidwa ndi chala kudzera kotulukira chimbudzi, mwinanso kuyeza magazi kotchedwa PSA. Abambo ambiri amathawa kupima kwa chalako. Sikutenga ndi mphindi yomwe.

Ena amamva kuti amaliza koma osaona kanthu kotuluka, kenako mkodzo wotsatira umakhala wotuwa. Umuna umakhala wabwerera m'chikhodzodzo. Zimachitika kwa odwala shuga, kwa amene anachitidwa opaleshoni ya prostate, ndi kwa omwa mankhwala a prostate monga tamsulosin. Sizivulaza, kupatula ngati mukufuna mwana.

Ululu wanga uli pakhungu, osati m'kati.

Onani kunsonga pamalo owala. Khungu lothina losabwerera m'mbuyo, timing'alu, kufiira, zoyera zonga chambiko, kapena kamnofu ka pansi pa mutu kamene kamang'ambika pogonana, zonsezi zimapweteka kwambiri pomaliza chifukwa m'pamene chida chimafufuma kotheratu. Kufiira ndi kung'aluka kobwerezabwereza kwa munthu wosadulidwa nthawi zina ndi chizindikiro choyamba cha shuga, ndiye kayezetseni. Tsukani ndi madzi okha, osati sopo wochapira kapena Dettol. Matuza kapena zilonda ndi nkhani ya kuchipatala tsiku lomwelo.

Kugonana kouma kumasupulanso onse awiri. Mankhwala oumitsa amene amayi ena amaika pofuna kusangalatsa bambo amasiya timabala timene ndi khomo la HIV. Musathamange, ndipo ngati kuli kofunika gwiritsani ntchito mafuta oterera ogulitsidwa kufamase opangidwira zimenezi. Vaseline ndi mafuta ophikira zimaboola kondomu.

Amene angochita mdulidwe adikire masabata 6 athunthu asanagonane ndi munthu. Mutu umene unali wophimbika umamva kwambiri ukamakhudzana ndi kabudula masabata oyambirira, kenako umazolowera.

Gondolosi, mthubulo kapena makapisozi a pamsika angathandize?

Gondolosi ndi mthubulo anthu amamwera chilakolako, ndipo sizichiza kutupa kapena kupha nyongolotsi. Choopsa kwambiri ndi makapisozi ogula awiriawiri pa tsiku la msika. Amaziziritsa zizindikiro kwa masiku ochepa, tizilombo n'kutsala tamoyo ndi tozolowera mankhwala, ndipo mukadzafika kuchipatala zoyeza zimasokonekera. Indocid ndi bufeni zomwa tsiku ndi tsiku zimakanda m'mimba ndi kuononga impso, makamaka kwa munthu wotaya thukuta lambiri ngati wodula nzimbe.

Mankhwala ena olembedwa ndi dokotala angathenso kubweretsa ululuwu kapena kuchedwetsa kumaliza, makamaka a matenda a nkhawa monga amitriptyline ndi fluoxetine. Musasiye nokha. Kawauzeni amene anakulemberani kuti aone ngati angasinthe. Ochepa mwa amene anachitidwa opaleshoni ya phudzi kapena yotseka kubereka amamvanso kukoka potulutsa umuna, ndipo akatero ayenera kubwerera kumene anachitidwako.

Machende amawawa ndikatenthedwa nthawi yaitali koma osamaliza.

Ndi magazi odzadza m'mitsempha. Kulemera kumeneko kumatha kokha pakapita kanthawi ndipo sikuononga chilichonse. Si chifukwa choumirizira munthu amene wakana.

Kodi zimenezi zingandilepheretse kubereka?

Ululu pawokha ayi, koma zina zouyambitsa zingathe. Chinzonono, chlamydia ndi likodzo zikakhalitsa zimasiya zipsera zotseka timachubu ta mbewu kapena kufooketsa mbewuyo. Banja likatha chaka likuyesa popanda pathupi, onse awiri akapimidwe, osati mayi yekha monga timachitira kawirikawiri.

Ndi ziti zosafunika kudikira kuti kuche?

Ululu woopsa wadzidzidzi m'chende limodzi, makamaka kwa mnyamata, mwina ndi kusanza: chende likhoza kukhala litapotokola mtsempha wake, ndipo likapanda kuchitidwa opaleshoni m'maola pafupifupi 6 likhoza kufa. Kulephereratu kukodza chikhodzodzo chitadzadza. Kutentha thupi ndi kunjenjemera pamodzi ndi ululu wa pansi pa chiuno kapena chende lotupa lofiira, ngakhale mutaganiza kuti ndi malungo. Chida kukhala chodzuka mopweteka maola opitirira 4. Ndiponso mutu woopsa wogunda mwadzidzidzi pa nthawi yomaliza, umene simunaumvepo chibadwire, chifukwa nthawi zina ndi mtsempha wa mu ubongo umene ukutaya magazi. Pa zonsezi pezani njinga yamoto kapena galimoto usiku womwewo.

Ndipite kuti, ndipo ndikanene kuti chiyani? Ndimachita manyazi, makamaka akakhala namwino wamkazi.

Yambirani pa chipatala chaching'ono cha m'dera lanu. Akaona kuti n'zofunika kuyeza kwambiri akutumizani ku chipatala cha boma cha Chikwawa kapena cha Nsanje, kapena cha Ngabu. Kulinso zipatala za mishoni za St Montfort ku Nchalo ndi Trinity ku Muona, kumene mumalipira. Zofunika madokotala a njira ya mkodzo amazitumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Muli ndi ufulu wopempha kuonedwa ndi mwamuna ngati alipo, ndipo zimene mwanena m'chipindamo siziyenera kutuluka.

Vuto limene achipatala amakumana nalo ndi bambo wolowa n'kunena kuti "m'thupi monsemu simuli bwino" kapena "msana", n'kutuluka ndi Panado. Nenani mosazungulira: "Adokotala, ndikamatulutsa umuna ndimamva kupweteka." Kenako lozani pamene pamawawa, nenani kuti zinayamba liti, zimatenga nthawi yaitali bwanji, umuna wasintha mtundu kapena ayi, mkodzo ukutuluka bwanji, mankhwala onse amene mwamwa kuphatikizapo a zitsamba, ndiponso ngati mwagona ndi munthu wina popanda kondomu. Ngakhale asakufunseni, onjezani za madzi: kuti ndinu msodzi, mumalima mpunga, mumasamba m'ngalande, kapena munayenda m'madzi osefukira, ndipo mupemphe kuti akuyezeni likodzo. Tengani buku lanu la kuchipatala, ndipo ngati akunyumba angalole, pitani nawo kuti mukayezedwe tsiku limodzi.